Pedulo ya buleki isiyeni pomwe ili: fizikisi ya heel-and-toe

Pa YouTube pali kanema wakale amene anthu okonda galimoto satopa kumuonera. Ayrton Senna, katswiri wa Formula 1 wa ku Brazil, akuyendetsa Honda NSX pabwalo la mpikisano la Suzuka ku Japan, ndipo kamera imodzi yaloza kumapazi kwake. Wavala sokosi zoyera ndi nsapato zachikopa zopanda zingwe, ngati munthu wopita ku ukwati. Akamayandikira kona, phazi lamanja limaponda buleki, lamanzere limaponda kilatchi, kenako phazi lamanja lomwelo, lisanachoke pa buleki, limapendekeka n'kugunda pedulo ya moto. Injini imalira kamodzi, giya yalowa, galimoto yakhota. Mapedulo atatu, mapazi awiri. Luso limeneli amalitcha heel-and-toe, kutanthauza chidendene ndi chala.

Aliyense amene waonera kanemayo amalakalaka atayesa. Amalowa m'galimoto ya amalume ili chiimire pabwalo, n'kuika phazi pa buleki, kuyesa kufikira pedulo ya moto, koma osaifikira. Buleki ili pamwamba, moto uli pansi, pakati pake pali mpata wa masentimita angapo. Akafunsa pa intaneti amapeza anthu ambirimbiri omuuza kuti vuto ndi galimotoyo: tenga sipanala, masula nati kuseri kwa pedulo, tsitsa buleki ifanane ndi moto, basi zatheka.

Ine malangizo amenewa ndikuwakana, ndipo ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake pogwiritsa ntchito fizikisi yomweyi imene timaphunzira m'kalasi. Kukwera kwa pedulo ya buleki si kulakwitsa kwa amene anapanga galimoto. Ndi nkhokwe ya chitetezo. Wofuna kuphunzira heel-and-toe asinthe kakhalidwe kake pampando, nsapato zake ndi kapondedwe kake, koma buleki aisiye. Ndikudziwa kuti ambiri a inu simunafike msinkhu wotenga laisensi. Koma galimoto mumakwera, ena mudzakhala amakaniko, ena mainjiniya, ndipo funso la nkhaniyi lidzakupezani kulikonse: ukapeza chinthu chitapangidwa mwanjira imene sukuikonda, umayamba n'kuchisintha, kapena umayamba wafunsa chifukwa chake?

Kodi heel-and-toe imathetsa vuto lanji?

Tiyambe ndi masamu. Tiyerekeze galimoto ya magiya apamanja ikuyenda makilomita 60 pa ola. Amenewo ndi mamita 1,000 pa miniti. Ngati tayala likazungulira kamodzi limayenda mamita 2, ndiye kuti likuzungulira ka 500 pa miniti. Pakati pa tayala ndi injini pali magiya awiri: ina yokhazikika, imene ili mu diff, ndi ina imene dalaivala amasankha ndi dzanja. Tinene kuti ya mu diff ndi 4, giya yachitatu ndi 1.3, yachiwiri ndi 1.9. Manambalawa ndawasankha kuti masamu aphweke, koma sali kutali ndi a galimoto zing'onozing'ono zenizeni.

Mu giya yachitatu injini izungulira 500 × 4 × 1.3, zomwe ndi 2,600 pa miniti. Mu giya yachiwiri izungulira 500 × 4 × 1.9, zomwe ndi 3,800 pa miniti. Nambala imeneyi ndi imene mumaiona pa dashboard italembedwa rpm.

Taonani: liwiro la galimoto ndi lomwelo, koma giya yachiwiri ikufuna injini yothamanga kwambiri. Tsono dalaivala akaponda kilatchi, injini imalekana ndi matayala. Phazi lamanja lili pa buleki, palibe akuipatsa moto, ndiye m'malo mokwera imatsika, mwina mpaka 1,500. Akamasula kilatchi, mbale ziwiri zikumana, ina ikuzungulira ka 1,500, inzake ka 3,800. Imodzi iyenera kugonja.

Injini sigonja msanga chifukwa ili ndi inertia. Kumbuyo kwake kuli chimbale cholemera chachitsulo chotchedwa flywheel. Energy ya chinthu chozungulira ndi ½ × I × ω². Tiyerekeze kuti I ya injini yathu ndi 0.15 kg m². Pa 1,500 rpm, ω ndi 157 rad/s. Pa 3,800 rpm ndi 398 rad/s. Mukawerengera mupeza kuti kukweza injini kuchoka pa 1,500 kufika pa 3,800 kukufunika energy pafupifupi 10,000 J. Imeneyi ndi yofanana ndi kukweza thumba la chimanga la makilogalamu 50 m'mwamba mamita 20.

Nanga 10,000 J imeneyi ichokera kuti? Ngati dalaivala sanaponde moto, ichokera ku matayala. Matayala amakakamizika kukoka injini, ndipo galimoto imagwedezeka ngati wina waikoka kumbuyo. Pamsewu wowongoka ndi wouma, okwera amangogwedeza mitu n'kudandaula. Koma pakona, kapena mvula itagwa, nkhani imasintha. Pogwira buleki, kulemera kwa galimoto kumatsamira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepukidwa. Mukukumbukira kuti friction imadalira force imene ikukanikiza zinthu ziwiri pamodzi. Tayala lopepukidwa limagwira msewu mofooka. Ngati galimotoyo imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, monga minibasi za Toyota HiAce ndi mapikapu ambiri, kukoka kwadzidzidzi kuja kungathe kutsetsereza matayalawo, mbuyo n'kuyamba kupita kwake.

Heel-and-toe imangosintha gwero la energy ija. Kilatchi ili pansi, dalaivala amagunda moto kamodzi, injini imakwera yokha kufika 3,800 pogwiritsa ntchito petulo, ndipo mbale ziwiri zija zimakumana zikuthamanga mofanana. Zili ngati mpikisano wopatsirana kamtengo: wolandira amayamba kuthamanga mnzake asanafike, kuti kamtengo kadutse m'manja popanda kugundana. Vuto n'lakuti nthawi yomweyo buleki ikufunikabe, ndipo mapazi alipo awiri okha.

Dzinali likunamiza pang'ono

Galimoto sizinayambe ndi mapedulo monga tikuwadziwira lero. Ford Model T, imene inayamba kugulitsidwa mu 1908, inali ndi mapedulo atatu koma panalibe wa moto. Moto unali pakandodo ka pachiwongolero. Galimoto zambiri za mpikisano zakale, makamaka za ku Italy, zinali ndi pedulo ya moto pakati, buleki kumanja. Stirling Moss wa ku Britain atagula Maserati 250F mu 1954 anapempha kuti moto ausamutsire kumanja monga anazolowera. M'galimoto zamasiku amenewo chidendene ndi chala zinkagwiradi ntchito padera.

Lero dongosolo n'limodzi kulikonse, kaya chiwongolero chili kumanja ngati kwathu kuno kapena kumanzere: kilatchi, buleki, moto. M'galimoto zambiri zamakono chidendene sichigwira ntchito kwenikweni. Mbali ya phazi ya kuchala chachikulu imakhala pa buleki, ndipo mbali ya kukachala kakang'ono ndi imene imapendekeka n'kugunda moto. Ndiye amene akulimbana n'kupotoza mwendo wonse kuti chidendene chifike, nthawi zambiri akulimbana ndi dzina, osati ndi galimoto.

Pedulo ndi lever

Tiweramire pansi pa chiwongolero tsopano. Pedulo ya buleki ndi chitsulo cholendewera. Pivot ili kumwamba, phazi limakankha kumunsi, ndipo pakati pa ziwirizi pali kandodo kamene kamakankha pisitoni ya master cylinder. Load ili pakati pa pivot ndi effort. A Fomu 3 mwazindikira kale: ndi lever ya gulu lachiwiri, m'bale wake wa wilibala.

Tiyerekeze kuti kuchoka pa pivot kufika poponda phazi ndi masentimita 30, ndipo kuchoka pa pivot kufika pa kandodo ndi masentimita 6. Principle of moments ikutiuza kuti force ichulukitsidwa ka 5. Phazi likakankha ndi 200 N, kandodo kakankha ndi 1,000 N. Ngati pisitoni ya master cylinder ili ndi nkhope ya 4 cm², pressure m'mafuta a mabuleki ikhala 250 N pa cm² iliyonse. Blaise Pascal anatiphunzitsa kuti pressure yoikidwa pa madzi otsekeredwa imafika ponseponse mofanana. Choncho pisitoni ya kutayala, ya nkhope ya 20 cm², ikankha ndi 5,000 N. Apa sitinawerengere booster, chipangizo chimene chimathandizira phazi injini ikamalira.

Koma makina sapereka chinthu chaulere. Chimene wapindula pa force umalipira pa mtunda. Phazi likayenda mamilimita 5, kandodo kamayenda milimita imodzi yokha. Tembenuzani chiganizochi ndipo muona ngozi yake: ukatembenuza nati n'kusintha kutalika kwa kandodo ndi mamilimita 5 okha, pedulo yasuntha masentimita awiri ndi theka. Pa sipanala zikuoneka zazing'ono. Kuphazi n'zazikulu.

Zifukwa zitatu zimene buleki ilili pamwamba

Choyamba, amene akuyesa heel-and-toe galimoto itaima akuyeza pamalo olakwika. Buleki imaoneka yokwera ikakhala yosapondedwa. Koma luso limeneli linabadwira m'mabwalo a mpikisano, kumene dalaivala amaponda buleki mwamphamvu zedi asanalowe pakona. Ikapondedwa choncho, pedulo imatsika masentimita angapo, ndipo m'galimoto zambiri imafika pafupi ndi msinkhu wa pedulo ya moto. Ndiye kuti pamene lusoli likufunikadi, mapedulo amakhala atayandikana kale. Ukatsitsa buleki kuti ifanane ndi moto poyenda pang'onopang'ono m'tauni, tsiku limene mwana adzathamangire pamsewu n'kuponda ndi mphamvu zako zonse, buleki idzapitirira pansi pa msinkhu wa moto, ndipo mphepete mwa nsapato yako idzaponda moto iwe osafuna. Ukufuna kuima, injini ikukankha.

Chachiwiri ndi mpata umene uli pakati pa pedulo ndi pansi pa galimoto. Tsiku lililonse mpata umenewu umaoneka ngati wopanda ntchito. Ntchito yake imaoneka zinthu zikavuta. Buleki ndi makina osandutsa kinetic energy kukhala kutentha. Taganizani za minibasi yodzaza, ya makilogalamu 2,500, ikutsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kutsika kwa mamita oposa 800. Potential energy imene iyenera kutayidwa ndi mgh, 2,500 × 10 × 800, zomwe ndi 20,000,000 J. Energy imeneyi ingatenthetse malita 60 a madzi, zidebe zitatu zodzaza, kuchoka pa 20°C mpaka kuwira. Ina imapita ku mphepo ndi matayala, koma ngati dalaivala sagwiritsa ntchito giya yotsika, yambiri imathera pa mabuleki.

Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike pa 205°C, ndipo a DOT 4 asanafike pa 230°C. Koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba malire aja amatsika kufika cha pa 140°C ndi 155°C. Akawira, m'mapaipi mumabadwa nthunzi. Madzi sapanikizika, koma nthunzi imapanikizika. Yesani ndi sirinji: tsekani kukamwa ndi chala, ya madzi siyenda, ya mpweya imalowa. Pedulo imafewa n'kuyamba kumira, phazi likupanikiza nthunzi m'malo mokankha mapisitoni. Apa chimene chatsala pakati pa dalaivala ndi phompho ndi masentimita aja. Chimodzimodzi paipi ikaboka. Galimoto zamakono zili ndi njira ziwiri za mafuta a mabuleki, kuti ina ikadontha inzake igwirebe, koma yotsalayo imayamba kugwira pedulo itatsika kwambiri kuposa masiku onse. Ngati unadula kale masentimita awiri ndi theka pofuna kuoneka katswiri, pedulo ingathe kugunda pansi buleki isanagwire mokwanira.

Chachitatu, phazi lilibe maso. Limasiyanitsa mapedulo pomva malo ndi msinkhu wake. Cha m'ma 1986 ku America kunabuka madandaulo ambiri oti galimoto za Audi 5000 zikuthamanga zokha. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu kumeneko, NHTSA, litafufuza linanena mu 1989 kuti nthawi zambiri madalaivala ankaponda moto akuganiza kuti aponda buleki. Anthuwa sanali opusa kapena oledzera. Ubongo ukadzidzimuka umakhulupirira kuti phazi lili pa buleki, ndipo galimoto ikamathamanga umaliuza kuti lipondereze. Pa makilomita 60 pa ola, sekondi imodzi yosokonezeka ndi mamita pafupifupi 17. Kusiyana kwa msinkhu wa mapedulo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimauza phazi kuti lili pati. Ukakuchotsa, wachotsera aliyense amene adzayendetse galimotoyo: amayi ako, mlongo wako, kapena amene adzaigule osadziwa kuti inaseweretsedwa.

Kabowo kamene simukaona

Pali chinanso chobisika mkati mwa master cylinder. Pedulo ikakhala yosapondedwa, pisitoni imabwerera mpaka kumapeto n'kutsegula kanjira kakang'ono kolumikiza mapaipi ndi kabotolo ka mafuta kamene mumakaona mukatsegula boneti. Mafuta akatentha amafufuma, monga madzi alionse, ndipo owonjezerawo amabwerera m'kabotolo kudzera pa kanjira kameneka. N'chifukwa chake pedulo imakhala ndi kakusewera ka mamilimita ochepa isanayambe kugwira. Kakusewera kameneka n'kadala.

Munthu akatsitsa pedulo, kaswitchi ka magetsi a buleki kamene kali kuseri kwake sikagundidwanso bwino, ndipo magetsi ofiira akumbuyo amatha kumangoyaka. Woyenda kumbuyo kwako sangadziwenso nthawi imene ukuimadi. Pofuna kukonza, munthu uja amasunthanso kaswitchi. Akakalowetsa mopitirira, kamakhala kakukankha pedulo pang'ono nthawi zonse, pisitoni sibwerera mpaka kumapeto, kanjira kaja katsekeka. Tsatirani bwino zimene zichitike. Mabuleki akhudza pang'ono, atentha. Mafuta afufuma, alibe kopita, ndiye akankha mapisitoni a kumatayala. Mabuleki agwira kwambiri, atenthanso kwambiri, mafuta afufumanso. Chotsatira chikudyetsa choyambitsa, ndipo asayansi amati positive feedback. Galimoto imanyamuka bwinobwino m'mawa, itayenda makilomita angapo matayala akununkha kupsa. Zonsezi zachokera pa milimita imodzi kapena ziwiri.

"Koma a mpikisano amasintha mapedulo!"

Zoona, ndipo wonena zimenezi sakunama. Galimoto za mpikisano zimakhala ndi mapedulo opangidwa kuti azisunthidwa, ndipo amakaniko amawayeza molingana ndi phazi la dalaivala. Ndikuvomerezanso kuti opanga galimoto wamba sakhoza nthawi zonse. Pali galimoto zina zimene mapedulo ake anatalikirana moti ngakhale katswiri angavutike. Wina anganenenso kuti buku la makaniko la galimoto zambiri limafotokoza lokha kasinthidwe ka msinkhu wa buleki, ndiye cholakwika n'chiyani?

Yankho langa lili pawiri. Bukulo limapereka malire: msinkhu wa pedulo ukhale pakati pa nambala iyi ndi iyi, kakusewera kakhale mamilimita akuti, ndipo ikapondedwa ndi force yakuti patsale mpata wosachepera wakuti. Makaniko wobwezera pedulo m'malire amenewo akukonza galimoto. Wotulutsa pedulo kunja kwa malirewo akupanga galimoto ina imene palibe anaiyesa. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ngakhale sipanala ili yomweyo.

Ndipo galimoto ya mpikisano imakhala m'dziko lina. Imayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri odziwika. Mafuta a mabuleki amasinthidwa pafupipafupi, ndipo amakaniko amaiunika isanalowe m'bwalo. Mabuleki ake n'ngolimba, pedulo imayenda pang'ono chabe. M'mbali mwa bwalo muli mchenga ndi matayala otchingira, onse akulowera kumodzi, palibe mbuzi, palibe wanjinga wonyamula makala, palibe ana ochokera kusukulu. Galimoto zambiri zapamsewu kwathu kuno zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, zimabwerekanidwa pabanja, ndipo mafuta a mabuleki ambiri amangowonjezera osasintha. Galimoto yotere ikufunika nkhokwe yochuluka, osati yochepa.

Tsono asinthe chiyani?

Wofunadi kuphunzira, ali ndi laisensi, ali pamalo otetezeka opanda anthu ndi galimoto zina, ndiponso ali ndi mphunzitsi wodziwa, ayambe ndi zimene zimabwezeka popanda sipanala.

Ayambe ndi mpando. Mwendo nawonso ndi lever. Mpando ukakhala kutali, bondo limawongoka ndipo phazi silingapendekeke. Ukhale poti akaponda kilatchi mpaka pansi, bondo likhalebe lopindika pang'ono. Kenako nsapato: ya pansi popyapyala, yogwira phazi bwino. Patapata ayi, jombo ayi. Kenako kaikidwe ka phazi: gawo lokwanira likhale pa buleki moti silingaterereke, bondo lipendekere mkati, mphepete mwa phazi ndiyo igunde moto. Lamulo n'limodzi: buleki ndiyo ntchito, moto n'chowonjezera. Kugunda moto kukalephereka, galimoto ingogwedezeka. Phazi likaterereka pa buleki, nkhani yake ndi ina.

Zonsezi zikakanika, pedulo yoyenera kuganiziridwa ndi ya moto, osati ya buleki. Ena amaikapo chitsulo chokulirapo pang'ono kuti iyandikire, chomangidwa ndi mabawuti. Ngakhale apa ndikuti pitani kwa makaniko wodziwa, chifukwa pedulo ya moto nayo inaphapo anthu. Mu August 2009 pafupi ndi San Diego ku America, anthu anayi a banja limodzi anafa m'galimoto ya Lexus pamene kapeti ya pansi inakola pedulo ya moto n'kuigwira ili pansi. Kampani ya Toyota inaitanitsa galimoto zoposa 3 miliyoni, ndipo mwa zina inafupikitsa mapedulo a moto kuti asamakodwe. Tamvani bwino: kampani yaikulu inaona kuti yankho ndi kudula kachidutswa ka pedulo, pamene wina pagalaja yakuseri akuwonjezera chitsulo ndi waya. Kuchokera nthawi imeneyo galimoto zambiri zili ndi kompyuta imene imadula moto ikaona kuti buleki ndi moto zapondedwa limodzi kwa kanthawi. Opanga galimoto anasankha okha kuti pa mapedulo awiriwa, wamkulu ndi buleki.

Kodi lusoli lili ndi phindu kwa ife?

Ena amati heel-and-toe ndi zachikale, ndipo mbali ina akunena zoona. Galimoto zing'onozing'ono zambiri m'misewu mwathu ndi za otomatiki, zilibe n'komwe kilatchi. Mu 2009 Nissan 370Z inabwera ndi kompyuta imene imagunda moto yokha dalaivala akamatsitsa giya, ndipo makampani ena anatsatira. Pamsewu wamba palibe chimene chimakukakamiza kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi. Ungathe kuchepetsa liwiro kaye, kenako kutsitsa giya, kenako kukhota. Amene akufunika heel-and-toe kuti apulumuke pakona ya pamsewu wa M1 wafika pakonapo ndi liwiro losayenera.

Koma fizikisi yake sinakalambe. Dalaivala wa lole wotsika Chiweta kapena mapiri a Golomoti amene amalowetsa giya yotsika asanayambe kutsetsereka akugwiritsa ntchito masamu omwe aja a 2,600 ndi 3,800. Akudziwa kuti liwiro likakwera, giya yotsika idzafuna rpm imene injini singaifike bwinobwino, ndiye amasankha nthawi idakalipo, injini n'kumathandiza mabuleki kunyamula mamiliyoni a ma joule aja. Wakabaza wa njinga yamoto naye ali ndi vuto lomweli m'dzanja limodzi: buleki yakutsogolo ndi moto zonse zili kudzanja lamanja, ndipo akatsitsa giya mwankhanza pamsewu wafumbi, tayala lakumbuyo limatsetsereka. Nthawi ina mukakwera, tcherani khutu. Mudzamva kusiyana kwa amene amalinganiza liwiro la injini ndi amene amangomasula kilatchi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'sayansi kufunsa kwathu ndi kuyeza, ndiye nayi ntchito ya kumapeto kwa sabata. Pemphani chilolezo kwa mwini galimoto, injini ikhale yozima, handibuleki yokokedwa. Tengani rula. Yezani kuchoka pa pivot kufika poponda phazi, ndi kuchoka pa pivot kufika pa kandodo, mupeze kuti lever imeneyi ikuchulukitsa force kangati. Yezani msinkhu wa buleki ndi wa moto kuchoka pansi. Kenako mwini wakeyo aponde buleki mwamphamvu, inu muyezenso zinthu ziwiri: buleki yatsala pati poyerekeza ndi moto, ndipo pakati pa pedulo ndi pansi patsala masentimita angati. Nambala yomalizayi muilembe n'kuizunguliza. Mukatero werengerani kuti ingatsale ingati wina atafupikitsa kandodo ndi mamilimita 5, ndipo mundiuze ngati mungalole mng'ono wanu kukwera galimoto imeneyo potsika ku Chikwawa.